Maliro a Chitsononkho

Chaka chimene Gelesi anayamba sitandade wani

Amene anayamba kundiuza kuti mudzi wandisankha kukhala mlezi anali Abiti Daudi, mnzanga uja wogulitsa zitumbuwa pamsika. Tsiku la msonkhanowo ine kunalibe, ndinali ku Nguludi kudikirira achemwali anga amene anagonekedwa m'chipatala. Pobwerera, nditangotsika minibasi ndi mtolo wa mabulangete pamutu, ndinamva munthu akukuwa: "Aphunzitsi! Aphunzitsi, tatulani katunduyo, si ulemu wanu umenewo!" Ndinacheuka kuti ndiwaone aphunzitsiwo, koma kumbuyo kwanga kunali mbuzi basi.

"Ndikunena inuyo, amake Gelesi," anatero Abiti Daudi akuseka. "Sukulu ya mkombaphala ija akuti iyambe, ndipo ana tapereka kwa inu." Ine ndinati, "Sukulu ndinalekeza sitandade seveni, ndikawaphunzitsa chiyani ana a eni?" Iwo anati, "Kodi anu anayiwo munalera ndi satifiketi? Komanso musanyade kwambiri, malipiro kulibe. N'chifukwa chake ophunzira onse akana."

Ana anga, Mphatso, Yohane, Chikondi ndi iwe Gelesi, ndikulemba izi tsopano pamene maondo andikaniza ntchito, kuti mudziwe kumene mayi anu ankathamangira m'mawa uliwonse, kukusiyani mukudzitenthetsera nokha madzi osamba. Bambo anu nditawauza anangoti, "Ngati ndi Mulungu wakuitanani pitani, koma munda wa nandolo usalire." Ndinagwada, ndinathokoza, ndinayamba.

Tinayambira m'kachisakasa ka udzu kuseri kwa tchalitchi kwathu kuno ku Kadewere. Ine ndinkadziwa sukulu ya mtundu umodzi wokha, ija ndinaphunzira ine: ana akhale pamzere, mphunzitsi aloze pa bolodi, iwo abwereze. Ndinapaka makala pa thabwa n'kumalozapo a, e, i, o, u. Ana a zaka zitatu ankayamba kulira tisanafike pa "o". Kenaka anatiitana alezi tonse kukaphunzira kuboma, ndipo kumeneko ndinakumana ndi Mayi Chirombo, a ku ofesi yoona za ana, amene anakhala bwana wanga zaka zambiri. Anali mayi wamfupi, woyenda mwachangu ngati wasiya ndiwo pamoto. Tsiku loyamba tinabwera titatchena, zolembera zili m'manja. Iwo anati, "Vulani nsapato, khalani pansi." Anatipatsa dongo n'kuti aliyense aumbe chimene akufuna. Mayi wina wachikulire anakana, ati, "Ine ndili ndi zidzukulu, sindinakwere minibasi kudzaumba ng'ombe." Pasanapite nthawi anali yemweyo amene ankakangana ndi mnzake kuti wamubera dongo la nyanga. Titamaliza, Mayi Chirombo anatifunsa zimene tinachita poumbapo. Tinapeza kuti tinawerenga miyendo ya ng'ombe, tinabwerekana, tinakangana, tinagwirizananso, wina mphika wake unagwa nauyambanso. "Sukulu yake ndi imeneyo," anatero. "Ndipo china, mwana alibe mawu ambiri. Zimene zili mumtima mwake amazinena ndi manja. Akamasewera khalani pansi, tsekani pakamwa, muone."

Zaka za ku Kadewere

Nditabwerako ndinagoneka thabwa lija pa njerwa likhale sitolo. Zidole za m'sitolo tinalibe, ndipo sindinazisowe. Tinkatola zitsekerero za mabotolo, zitini, nsanza za kwa telala, mapepala a pulasitiki omangira mpira. Yohane, ukumbukira mmene ndinkakuvutitsira kuti uzindipangira magalimoto a mawaya pamene anzako ali kumpira. Zitsononkho za chimanga tinkazivekera tinsanza, zikhale ana. Tinathira mchenga wa kumtsinje pakona imodzi, tinamanga katungwe pa mtengo wa mango. Mwana amene ankalephera kuwerenga pa bolodi ankawerenga bwinobwino akamagulitsa nandolo m'sitolo yathu ija, chifukwa mnzake wogula sankalola kuberedwa. Mwana wamanyazi ankalankhula mokweza akakhala kondakitala wa minibasi ya mipando ya njerwa.

Makolo sanakondwere onse. Bambo wina anabwera atakwiya, ati, "Mwana wanga amabwera ali mbuu ndi fumbi, Chingerezi palibe. Kusewera angathe kusewera kunyumba." Wapampando wa komiti yathu, a Mukhito okonza njinga aja, anandiitanira pambali nati, "Mayi, aphunzitseniko ka gudumoningi, makolowa agone tulo." Ndiye tinaika gudumoningi ndi hawayu m'nyimbo yodumphira jingo. Ana anapita nazo kunyumba, nkhani inatha. A Mukhito anali munthu wodziwa kuzimitsa moto usanagwire denga, Mulungu awapumitse.

Chovuta chenicheni chinali phala. Tinali ndi kamunda ka sukulu, koma chimanga chake sichinkafika mvula ikamagwa. Shuga tinkangomumva. Mbale zinali zochepa, ana ankamwa mosinthana. Nyengo ya njala ndi imene inandiphunzitsa kuti mwana wanjala sasewera. Sindinkafunsa amene wagona ndi njala, ndinkangoyang'ana amene watsamira khoma pamene anzake ali pa katungwe, n'kuuza amayi ophika kuti ayambire iyeyo. Masiku ena ndinkatapa mgaiwa wa m'nyumba mwathu. Bambo anu ankaona thumba likutsika, koma sankandiletsa.

Chaka chimene ananditumiza ku Nchema

Mphatso atakwatiwa, Mayi Chirombo anabwera pa njinga yamoto nati kutsidya, cha ku Nchema, anthu amanga kanyumba ka ana koma alibe wodziwa ntchito. Anandipempha kuti ndisiye Kadewere m'manja mwa mtsikana amene ndinamuphunzitsa, ine ndikayambitse kumeneko. Ndinavomera. Ndinkayenda wapansi, kuwoloka mtsinje chitenje chili m'maondo. Kumeneko ndinali mlendo, panalibe wondidziwa kuyambira ndili mwana. Zinalinso zaka zija zimene matenda anatenga achinyamata ambiri m'dera lathu, moti sabata yopanda zovuta tinkaithokoza ku Misa.

Mwa ana amene ndinalandira munali kamtsikana ka zaka zinayi, dzina lake Tadala. Mayi ake anali atangomwalira kumene, ndipo ankaleredwa ndi amayi ake aakulu, a Esinala. Monga mudziwa mwambo wathu, pakagwa maliro ana aang'ono timawachotsa, timawaika kunyumba ina, ndipo akafunsa timawauza kuti malemuwo achoka. Tadala anauzidwa kuti amayi ake apita ku Limbe kukagula katundu. Mwanayo sankasewera ngakhale atamwa phala. Ankakhala pakhomo pa sukulu kuyang'ana njira yochokera kumsewu, ndipo akaona mayi wosenza katundu ankaimirira, n'kukhalanso pansi.

Tsiku lina ana atamwa phala ndinaona kuti pakhomo paja palibe munthu. Tadala anali atatenga chitsononkho chimodzi, akuchikulunga m'kansanza, mutu ndi miyendo yomwe. Anapita nacho pamchenga nayamba kukumba ndi kachitini. Anzake anabwera. Kamnyamata kena kanati, "Ine ndine adzukulu, ndipatse ndikumbe." Atsikana anathyola maluwa a chisoso. Kenaka wina anayambitsa nyimbo ija timaimba poperekeza mnzathu kumanda, ndipo onse anaidziwa, mawu ake onse, chifukwa ankaimva kawirikawiri. Inenso ndinakula ndikudziwa kuti mwana akasewera maliro ndi malaulo, akuitanira imfa pamudzi. Agogo anu anandimenyapo ndi mthiko chifukwa chokwirira chiwala.

Mayi Nakoma, amene ankaphika phala tsiku limenelo, anatulukira akuthamanga. "Aletseni! Akutilaula anawa, aletseni!" Ndinawagwira mkono n'kuti, "Tadikirani pang'ono, mayi." Kunena zoona inenso ndinkaopa, koma kanali koyamba kuona mwana ameneyu akugwira chidole. Tadala anakwirira, anaika maluwa pamwamba. Kenaka mwadzidzidzi anafukula ndi manja onse awiri, anatulutsa chitsononkho chija, anachisansa mchenga, nachikumbatira. Ndipo anati, "Basi, mwabwerako. Mwandigulira chiyani ku Limbe?"

Madzulo ake ndinadzera kwa a Esinala kukawafotokozera. Anandilandira bwino koma anati, "Ndi mwana, aiwala. Tikamuuza adwala." Tadala anasewera maliro aja mawa lake, ndi mkuja wake. Ndinkakhala naye pafupi, osamuletsa, osamuthandiza. Ndipo ndinaona kuti akamaliza ankapita kukakwera katungwe, nayamba kukangana ndi anzake ngati mwana aliyense.

Koma nkhani inali itafalikira kumjigo. Ndiye mwatsoka, sabata yotsatira anamwalira agogo ena aamuna amene anakhala akudwala chifuwa kuyambira chilimwe. Pa siwa pomwepo ndinkamva anthu akunong'onezana ndikamadutsa: "Ndi amenewa ophunzitsa ana kukumba manda."

Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa pasukulu. Wapampando wa kumeneko anali a Namate, telala, munthu waulemu amene anaoneka kuti nkhaniyi ikuwalemera. Anati, "Mayi, ife tinakulandirani bwino, ndipo ana athu asintha, sitingakane. Sitikunena kuti ndinu mfiti." Wina kumbuyo anati, "Enafe pamenepo sitinayankhepo." Anthu anaseka, ine sindinaseke. A Namate anapitiriza: "Pempho lathu ndi limodzi. Mwana uja akangoyamba kukumba, mumulande chitsononkhocho, mumukwapule pang'ono, aiwale. Lonjezani pamaso pa anthuwa. Mukakana, tikupemphani kuti mupumule." Ndinapempha kuti ndikayankhe mawa lake.

Ndinayenda njira yonse ndikupemphera kolona. Kunyumba bambo anu anandifunsa funso lolunjika: "Mukufuna kutaya ana onse aja chifukwa cha chitsononkho chimodzi?" Funsolo linali loona. Ndikanachoka, sukulu ikanaima, phala likanaima, ana ena amene ankadya pomwepo pokha akanavutika. Ndikanatha kulonjeza pakamwa pokha, n'kumachita zina anthu atatembenuka, koma ndikanalonjeza bwanji bodza pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mudzi? Ndipo ndikanamukwapula bwanji mwana chifukwa chofunsa kumene kuli mayi ake? Anthu aja sanali oipa. Anali atatopa ndi kuika ana awo m'manda, ndipo mantha awo ndinkawamva m'thupi mwanga momwe. Koma akuluakulu tinali ndi siwa, tinali ndi nyimbo, tinali ndi anzathu otipepesa. Tadala anali ndi mchenga uja basi.

M'mawa mwake ndinaima pamaso pawo n'kuti, "Makolo anga, nyimbo ija ndiletsa, chifukwa ndi ya kumanda ndipo ikukupwetekani. Koma kumulanda ndi kumukwapula sindingathe. Mwanayu sakuitana maliro. Maliro analowa kale m'nyumba mwawo, iye akungofunsa." A Namate anatambasula dzanja. Ndinawapatsa kiyi wa sukulu, ndinatsanzika, ndinawoloka mtsinje.

Mwezi umene ndinakhala pakhomo

Munda wa nandolo sunapaliridwepo bwino ngati mwezi umenewo. Mayi Chirombo anamva nkhaniyi nafuna kupita kukalankhula ndi komiti, koma ndinawapempha kuti asapite, poti akanabwerera kuboma madzulo, ine n'kutsala ndi anthu okakamizidwa. Ndinkapempherera Tadala pomutchula dzina.

Tsiku lina masana ndikusenda nandolo pakhonde ndinamva odi. Anali a Esinala, okha, thukuta lili kamukamu. Nditawapatsa madzi anati, "Amake Gelesi, zitsononkho zonse ndinatentha. Ndinamumenyanso. Ndiye watenga kabotolo ka mafuta odzola ka malemu mayi ake, akukakwirira kuseri kwa khola, yekhayekha. Usiku akukodza pogona, zimene anasiya kale." Anapukuta nkhope ndi chitenje. "Dzulo ndinabisala kuti ndimugwire. Mukudziwa zimene amanena? Amati, 'Musalire amayi, ndikutulutsani msanga. Aja anakuiwalani, ine sindikuiwalani.'" Atapuma anati, "Tsiku la maliro anasuzumira pa mpanda, anaona bokosi likudutsa. Mwana uja akuganiza kuti mng'ono wanga tinamukwirira wamoyo n'kumusiya. Tiyeni mukandithandize, pakamwa panga pakulemera."

Tinapita limodzi. Tinamupeza kuseri kwa khola kuja. Ndinakhala pansi pafumbi pambali pake, ndinatola kamtengo n'kumakumba kadzenje kanga, mpaka anasiya kundiopa. A Esinala anagwada, anamugwira manja onse awiri, nati, "Tadala, mwana wanga, amayi ako sali ku Limbe. Anadwala kwambiri, anamwalira. Ndi amene anali m'bokosi lija." Mwanayo anawayang'anitsitsa nafunsa, "Akumva kuzizira?" Ndinati, "Iyayi. Munthu akamwalira thupi silimva kuzizira, silimva njala, siliopa mdima." Anafunsanso, "Ndiye abwera liti?" A Esinala anayang'ana ine, ine ndinayang'ana iwo. Anayankha okha: "Sabweranso. Ali kwa Mulungu. Ife ndi amene tidzawatsatira tikadzakalamba." Tadala anawamenya pachifuwa ndi tizibakera take akukuwa, "Munanama! Munanama!" Iwo anangomukumbatira n'kumati, "Eya, ndinanama, pepa." Analira onse awiri, inenso ndinalira. Dzuwa litapendeka mwanayo anadzuka pamiyendo pawo nati akufuna mbatata.

Sukulu nthawi yonseyi inali yotseka, chifukwa panalibe wina wolola kugwira ntchito yopanda malipiro. Ana ankangoyendayenda m'mbali mwa mtsinje. A Esinala nawo sanakhale chete, anafotokozera amayi anzawo kumjigo zimene anamva kuseri kwa khola. Loweruka lina a Namate anafika kwathu pa njinga, chipewa chili m'manja. "Mayi, makolo ati mubwerere. Za ufiti zija anali macheza chabe." Ndinati, "Nanga za chitsononkho?" Anakanda m'mutu nati, "Nyimbo isamveke. Zinazo ife tiziyang'ana kumbali." Ndinawaphikira tiyi, ndinalandira kiyi.

Si onse amene anabweza ana awo. Mabanja angapo sanandilankhulenso mpaka ndinapuma ntchito, ndipo sindinawasungire mangawa. Tadala anakwiriranso chitsononkho kangapo, koma tsopano sankachifukula. Tsiku lina anandikoka chitenje nati, "Aphunzitsi, pempherani." Ndinapemphera pamchenga pomwepo, motsitsa mawu. Patapita masiku ndinamuona ali pa masanje, chitsononkho china chili kumbuyo m'kansanza, akukalipira kamnyamata kamene kanali bambo wa pakhomopo kuti kabwera mochedwa ndi nkhuni. Pambuyo pake panabweranso ana ena amasiye, ndipo ena ankachita zomwezo. Ndinkakhala nawo pansi, kenaka n'kupita kukacheza ndi owalera. Ena ankamva, ena ayi.

Chaka chatha

Ndinapuma ntchito pamene mtsinje uja unayamba kundikanika kuwoloka. Anandiperekeza ndi chitenje, nkhuku ndi nyimbo za ana. Penshoni ndilibe, koma sindinganene kuti ndinagwira ntchito yaulere, poti ndikamayenda pamsika amuna a ndevu amandivulira chipewa n'kumati "aphunzitsi".

Chaka chatha a Esinala anatisiya. Chikondi anandipezera kabaza ndipo ndinapita. Tadala tsopano ndi mayi, ali ndi mwana wamwamuna wa msinkhu womwe uja anali nawo iye. Pamene amayi ankasonkhanitsa ana kuti awapititse kunyumba ina, kamnyamatako kanafunsa kumene kuli agogo ake. Mayi wina anayamba kuyankha kuti, "Agogo achoka pang'ono, apita ku..." Tadala anati, "Iyayi, mayi, ndimuuza ndekha." Ananjuta pansi pakati pa anthu, anamugwira manja onse awiri, namuuza. Ena anang'ung'udza. Iye sanacheuke, anayankha mafunso onse a mwanayo mpaka anatha, kenaka anamunyamula yekha kukamusiya kwa anzake. Pobwerera anadzakhala pafupi nane pamphasa, natsamiritsa mutu paphewa langa, ndipo tinalira amayi ake aakulu.

Ana anga, ndi inu nonse amene mudzawerenge izi, ndikupempha chinthu chimodzi. Tadala watsala ndi ana a malemuwo kuwonjeza pa wake, ndipo munda wawo ndi waung'ono. Mukamagwada muzilitchula banja limenelo. Mutchulenso lathu lino, makamaka bambo anu amene maso ayamba kuchita khungu, ndi ine mayi wanu, kuti Ambuye amene anatisunga mpaka pano atisungebe.